Rambo anayamba ndi cholembera

Makolo anzanga, ndani mwa ife sanaonepo mnyamata atamanga kansanza pamphumi, ndodo ili paphewa ngati mfuti, nkumadzitcha Rambo? Kuyambira ku Mangochi mpaka ku Nkhotakota, dzina limeneli tinalidziwira m'tinyumba toonetsera vidiyo. Ana athu amasirira minofu ya mkuluyu, ena mpaka kujomba kusukulu kukanyamula zitsulo. Koma chimene chinamutulutsa mu umphawi sachidziwa.

Dzina lake lenileni ndi Sylvester Stallone. Anabadwira mumzinda wa New York ku America pa 6 July 1946. Pobadwa, chitsulo chimene madokotala anagwiritsa ntchito chinavulaza mtsempha wa kumaso, ndipo mbali imodzi ya nkhope inafooka. Nchifukwa chake mlomo wake ndi wopotoka ndipo amayankhula mokoka mawu. Atakula anayendayenda kufuna ntchito yosewera m'mafilimu, koma ankangopatsidwa timbali ting'onoting'ono tosagulitsa ndi ndiwo zomwe.

Zinthu zinasintha mu March 1975, pamene katswiri wa nkhonya Muhammad Ali anamenyana ndi Chuck Wepner, munthu amene ambiri ankamuderera. Wepner anagonja ndithu, koma anapirira mpaka raundi ya 15. Stallone ataona nkhonyayi anakhala pansi nalemba nkhani ya Rocky, womenya nkhonya wosauka wa ku Philadelphia amene cholinga chake chinali kufika kumapeto ali chiimire.

Opanga mafilimu anaikonda nkhaniyo ndipo anafuna kuigula kuti munthu wina wotchuka asewere ngati Rocky. Stallone, ngakhale m'thumba munali mbee, anakana kugulitsa pokhapokha mbaliyo aitenge yekha. Anamulola. Filimuyo inatuluka mu 1976 ndipo mu 1977 inalandira mphotho zitatu za Oscar, kuphatikizapo ya filimu yopambana zonse.

Sanalekere pomwepo. Analemba ndi kutsogolera yekha kujambula kwa Rocky II mu 1979, Rocky III mu 1982, Rocky IV mu 1985 ndi Rocky Balboa mu 2006. Nayo First Blood ya mu 1982, m'mene Rambo anaonekera koyamba, inachokera m'buku la David Morrell, ndipo Stallone anali mmodzi mwa amene anaisandutsa filimu. Ndiye kuti chilichonse chimene ana athu amachiombera m'manja chinayamba chakhala papepala.

Pepala lomwelo linamulumanso. Mu 2019 anadandaula poyera kuti Rocky, amene anamulemba ndi dzanja lake, si wake mwalamulo, chifukwa pangano la poyamba silinamupatse gawo pa umwini wa filimuyo. Minofu yonse ija sinathe kufufuta zimene zinasainidwa.

Sindikunena kuti mafilimu a Rambo ndi oyenera ana. Muli kuphana kochuluka, ndipo kholo lanzeru limayamba laona lisanalole mwana kuonera. Koma ngati mwana wanu wamudziwa kale mkuluyu, musangomukalipira. Mukhazikeni pamkeka madzulo, mumufunse kuti mawu amene Rambo amayankhula analemba ndani. Akasowa yankho, muuzeni nkhani imeneyi. Kenaka mugulireni kope ndi cholembera, alembe za usiku umene abambo ake anakumana ndi mwera pakati pa nyanja ali m'bwato. Akamaliza adzakuwerengereni.