Kompyuta ikamajambula, chingwe chikhale m'manja mwa munthu

Masiku ano kuli mapologalamu a pakompyuta amene amajambula okha maluwa ndi mizere ya pansalu, pamatailosi kapena pamapaketi a katundu. Munthu amangoika malamulo, kenaka n'kudina batani. Akadinanso, chithunzi china. Ena akuti apa ndiye ntchito ya wojambula yatha. Ine ndikukana.

Choyamba tidziwe kuti kompyuta sichita maere enieni. Imayambira pa nambala imodzi yotchedwa seed, ndipo manambala onse ooneka ngati achisawawa amachokera pamenepo. Mukaika nambala yomweyo, malamulo omwewo, m'pologalamu yomweyo, chithunzi chimabwera chomwecho osaphonya ngakhale kadontho.

Nkhani yake imaoneka yaing'ono, koma taganizani. Amayi a bungwe la kumpingo asankha maluwa a chitenje chawo cha yunifolomu, apereka ndalama. Chaka chamawa akufuna kuonjezera mapisi 200, komanso akuti mtundu wobiriwirawo uderako pang'ono. Wojambula amene sadasunge nambala ija adzadina batani mpaka chala kutupa, maluwa aja osabwera. Kulemba nambala m'kope sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Koma chachikulu ndi muyezo. Mayi Vera Molnar, mbadwa ya ku Hungary yemwe adakhazikika ku Paris ndipo adamwalira mu 2023 ali ndi zaka 99, adayamba kujambula ndi kompyuta mu 1968. Ntchito yake ina yotchuka ya mu 1976 adaipatsa dzina lonena za chisokonezo cha 1 peresenti. Mabokosi ake adali ondandalikidwa mwadongosolo, kungoti apo ndi apo adasokoneza dala. Kachisokonezo kameneko ndi kamene kamakoka diso, monga mchere wa m'ndiwo. Tsirani chikho chonse muone ngati alendo abwereza nsima.

Mnzake wa ku Germany, Georg Nees, adaonetsa zomwezi pa chithunzi chotchedwa Schotter. Pamwamba mabokosi ali pamzere ngati ana asukulu pa asembule. Mukamatsika amayamba kupendekeka, ndipo pofika pansi amwazikana ngati miyala. Kompyuta ndi imene idasankha mmene bokosi lililonse lipendekere, koma malire a mzere uliwonse adaika ndi Nees.

Izi n'zimene timachita ndi mbuzi nthawi ya dzinja. Imadya pamene yafuna, koma kutalika kwa chingwe amasankha ndi mwini wake, apo ayi mlandu wa chimanga kwa amfumu.

Naye Ken Perlin wa ku America adapeza njira mu 1983 yoti manambala oyandikana asamasiyane kwambiri, kuti chithunzi chizisintha mwapang'onopang'ono ngati mitambo kapena mizere ya m'thabwa. Mu 1997 adalandira nayo mphoto ya Academy Award.

Amalonda adaliona kale phindu lake. Mu 2017 eni Nutella adagulitsa mabotolo 7 miliyoni ku Italy, lililonse ndi chikuto chakechake chojambulidwa ndi kompyuta. Komatu mitundu ndi zojambula zoyambira adasankha ndi anthu, ndipo dzina la katunduyo silidaloledwe kugwedezeka pa botolo ngakhale limodzi.

Otsutsa amati kumanga kompyuta chotere kumapha mwayi wotulukira zachilendo. Ali ndi mfundo. Poyesa, chingwe chimasulidwe ndithu, munthu aone zithunzi 500 ngati akufuna. Koma akapeza chomukomera, aime, alembe nambala yake pamodzi ndi malamulo onse amene adaika, asanamuonetse kasitomala.