Musagule getsi la sola poona mawatsi okha

Nandolo akayamba kulowa m'matumba ku Migowi, akuba nawo sagona, ndiye ambiri akuthamangira magetsi a sola owunikira pabwalo ndi pakhola. Koma "300W" yolembedwa pakatoni isakukopeni. Nkhani yagona pa batire. Funsani kuti limakhala maola angati, ndipo wogulitsa akayamba kuzemba, pitani pa benchi ina.

Kwa ine, labwino ndi la panelo yapadera yoika padenga, lowala kwambiri pokhapokha munthu akadutsa, chifukwa limasunga moto. Kumbukirani chiperoni cha June ndi July: mitambo ikakuta phiri la Michesi masiku angapo, getsi lofooka limathima usiku usanathe. Onaninso chizindikiro cha IP65, chosonyeza kuti limapirira mvula, ndipo mulipachike patali, wakuba angayambe kuzula getsilo.