Msewu suyang'ana penti

Amalume anga ali ndi Toyota Cressida ya m'ma 1980. Kale inali yoyera ngati ufa woyera, koma lero maonekedwe ake ndi a mgaiwa. Anaigula kwa munthu atalandira penshoni ya uphunzitsi, ndipo imagona pansi pa mtengo wa mango kumudzi kwathu, kufupi ndi mishoni ya Minga. Anyamata a pa Minga Stop amaitcha chiphapha. Kumaiko a azungu galimoto ya msinkhu umenewu amaipukuta ndi nsalu yofewa n'kumaionetsa kwa anthu ngati ng'ombe ya pachionetsero. Kwathu nkhuku zimaikira mazira kunsi kwake. Kampani ya Toyota inasiya kupanga Cressida m'ma 1990, koma amalume uthengawo sunawafikebe. Akangoliza, injini imayankha.

Chaka chatha msuweni wanga, mwana wawo womaliza, anali kukwatiwa mu September. Amalume analamula kuti mkwatibwi sakwera galimoto yobwereka pamene bambo wake ali ndi yawo. Tinaitsuka, tinasoka mipando, tinagula maliboni. Chimene chinatsala ndi marimu. Marimu ake ndi a aluminiyamu, aja anyamata amati ma mags, ndipo anali atachita mawangamawanga ngati khungu la munthu wodwala zikanga.

"Amalume, zimenezi musadandaule nazo," ndinatero ine wa m'tauni. "Zitini ziwiri za sipuleyi, mphindi khumi, zatheka."

"Iwe, unapentapo chiyani chibadwire?"

Sindinayankhe. Ndinakwera kabaza, kenako minibasi ya ku Petauke, n'kubwerako ndi zitini ziwiri za penti wa siliva. Linali Loweruka masana, mu August, mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapesi pabwalo. Marimu sindinawamasule n'komwe. Ndinangowapukuta ndi chisanza, n'kuyamba kupopera ndikuimba mluzu. Pentiyo anayenderera ngati misozi ya mwana, wina anathimbirira matayala, fumbi n'kukakamira pamwamba mpaka rimu kumakhakhala ngati lilime la ng'ombe. Patapita masiku atatu tinapita ku Nyimba kukagula nthochi. Pobwerako siliva wanga anali atayamba kusupuka ngati njoka yofundula. Amalume anangoyang'ana, n'kunena kuti, "Tsopano tiyambe ntchito."

Pa sabata yotsatirayo ndinaphunzira kuti chitini chija chimanamiza. Chimakupangitsa kuganiza kuti kupenta n'kudina chala basi. Munthu amene anayamba kuika penti m'chitini chopopera, Edward Seymour wa ku Illinois ku America, anatero mu 1949, ndipo penti wake woyamba anali wa mtundu wa aluminiyamu womwewu. Chiyambire pamenepo chitinicho chakhala chikuputsitsa anthu aphuma ngati ine. Kupopera kwenikweni ndi mphindi zochepa. Masiku ena onse ndi madzi, sopo ndi sandipepa.

Tinakweza galimoto pa jeki, tinaikhazika pa zipika, n'kumasula marimu onse anayi. Tinawatsuka ndi sopo wotsukira mbale kangapo konse, chifukwa fumbi lakuda la mabuleki ndi girisi zimabisala m'makona, ndipo penti sagwirizana ndi mafuta ngakhale a m'zala zako. Ndinafuna kuthamangira soda wa caustic kuti penti wakale achoke msanga. Amalume anandigwira mkono. Soda ameneyo amadya aluminiyamu. Ukamusiyapo umapeza rimu yada ndi kukumbika.

Aluminiyamu ali ndi khalidwe lakelake. Sachita dzimbiri lofiira ngati khasu. Akakumana ndi mpweya amadzikuta yekha ndi kachikopa kopyapyala kosaoneka ndi maso, ndipo kachikopa kameneko ndi kamene kamakana penti wamba. Madzi akalowa kunsi kwa penti wakale pamatuluka ufa woyera ngati phulusa, penti n'kutukumuka. Ufa umenewo uyenera kuchoka wonse. Tinayamba ndi sandipepa wokhakhala wa nambala 240 pamene panali mabala a miyala, tinabwera ndi 400, n'kumalizira 600 tikunyowetsa ndi madzi. Zala zinatupa. Mayi a kunyumba anatiseka kuti amuna awiri akuluakulu tasanduka otsuka mapoto.

Ndinabwereranso ku Petauke, ulendo uno kukagula zinthu zitatu: penti woyamba wogwira pa aluminiyamu amene pachitini amalembapo etch primer, penti wa siliva, ndi penti woonekera ngati galasi wotchinga pamwamba, amene ogulitsa amangoti clear. Tinatchinga khonde la kuseri ndi mphasa kumbali yochokera mphepo, mbali inayo n'kusiya poyera kuti mpweya uziyenda, chifukwa fungo la penti ameneyu limazunguza mutu ndipo silifuna moto pafupi. Ndudu ya amalume inatsala m'nyumba. Pansi tinawaza madzi kuti fumbi ligone. Matayala tinawakuta ndi nyuzipepala zakale, ndipo m'mphepete mwa rimu tinasomekamo makadi a njuga kuzungulira.

Nthawi nayo ili ndi mawu ake. Masana a October penti amauma ali m'malere asanafike pa rimu, n'kugwa ngati mchenga. Nthawi ya mvula chinyezi chimachititsa clear kuyera ngati nkhungu. Ife tinasankha m'mawa, mame atauma koma mphepo isanadzuke. Chitini umachigwedeza mphindi ziwiri zathunthu kanthongo ka m'kati kakulira, umachigwira patali ngati masentimita 25, n'kumayendetsa dzanja osaima malo amodzi. Ulendo woyamba rimu imaonekerabe, ndipo mtima umati onjeza. Usaonjeze. Dikira mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, ubwerezenso mopyapyala, katatu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Malo awiri okha amalume anakaniza kuti pasafike penti: kuseri kumene rimu imagundana ndi habu, ndi m'maenje momwe manati amakhala. Penti wa pamenepo amaphwanyika galimoto ikayenda, manati n'kukhwepa.

Marimu atatu anatuluka bwino moti ndinayamba kudziyesa katswiri. Yachinayi ndiyo inabweretsa nkhani. Ndikukwecha kuseri kwake, penti wakale atachoka, ndinaona kamzere ngati tsitsi, kochokera m'mphepete kulowera m'kati. Ndinakapukuta, sikanachoke. Amalume anavala magalasi, anayendetsapo chikhadabo, chikhadabocho n'kukodwa.

"Wang'aluka uyu," anatero. Ndipo anakumbuka kuti tayala limenelo ndi lija linkaphwa pang'onopang'ono, wokonza matayala osapeza msomali.

"Amalume, primer akwirira pamenepa. Palibe adzaone."

"Iwe, msewu uli ndi maso?"

Funso limenelo ndi limene landilembetsa ndemanga ino. M'badwo wa amalume unakulira pa marimu achitsulo, a ma Land Rover, ma Peugeot 504 ndi ma Fiat aja ankalumikizidwa ku Livingstone m'ma 1970. Rimu yachitsulo ikagunda dzenje imapindika, ndipo wokonza matayala amaiwongola ndi hamala, ulendo n'kupitirira. Aluminiyamu woumba sakonda hamala. Marimu otere anatchukira pa magalimoto ampikisano, monga Bugatti Type 35 ya 1924, chifukwa ndi opepuka ndipo amataya msanga kutentha kwa mabuleki. Ubwino umenewo tili nawo mpaka lero potsika mapiri a ku Kacholola. Koma rimu yotere ikamenya mwala imatha kung'aluka m'malo mopindika, ndipo mng'alu sugona. Umakula pang'onopang'ono pa bampu iliyonse, kufikira tsiku limene tayala lidzaphwa kamodzin'kamodzi galimoto ili pa liwiro.

Lero magalimoto ambiri amene timagula ndi ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, olowera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, ndipo ambiri amabwera ndi marimu a aluminiyamu. Amadutsa m'manja atatu kapena anayi, m'misewu ya miyala yopita kumidzi kukatenga mtedza ndi thonje, asanafike kwa mphunzitsi kapena namwino amene wasunga ndalama zaka zambiri. Chikonzereni msewu wa Great East kuchokera pa mlatho wa Luangwa kukafika ku Mwami, mapazi a madalaivala alemera. Ndiye taganizani za munthu wogulitsa galimoto amene ali ndi chitini cha siliva m'manja ndi mng'alu pamaso pake. Ine ndinali munthu ameneyo kwa mphindi imodzi, ndipo sindinali kufuna kubera aliyense. Ndinkangofuna zithunzi za ukwati zioneke bwino. Chikomekome cha mkuyu chimayamba chomwechi, ndi munthu wabwinobwino amene watopa ndi sandipepa.

Choncho mukamagula galimoto yakale n'kuona marimu akuwala kuposa galimoto yake, musasangalale msanga. Gwadani pansi, lowetsani dzanja kuseri, funsani chifukwa chake apentedwa. Ngati n'kotheka masulani tayala limodzi. Ndipo inu amene mukufuna kupenta anu kunyumba, pentani ndithu, ndi ntchito yokoma yosafuna makina. Koma dziwani kuti phindu lake lalikulu limabwera rimu ili maliseche, musanatsegule chitini. Ndi nthawi yokhayo imene imakuuzani zoona. Alipo akatswiri owotcherera aluminiyamu m'matauni akuluakulu, ndipo ming'alu ina amaikonza, koma zimenezo aweruze ndi iwo atayang'ana, osati chitini.

Amalume sanafune ngakhale zowotcherera. Marimu atatu aja tinawasiya masiku atatu kuti aumitsitse tisanamange, ndipo kumbuyo kumanzere tinaikako sipeya, rimu yachitsulo yakuda bii. Pa tsiku la ukwati Cressida inanyamuka pa tchalitchi cha Minga, amayi akululutira, miyendo itatu ikunyezimira, umodzi uli ngati wobwereka. Wojambula zithunzi anauzidwa kuti aziima kumanja. Anyamata a pa Minga Stop anaseka monga mwa masiku onse, koma mkwatibwi anafika.

Rimu yong'aluka ija amalume anaipereka kwa mmisiri wina amene amasungunula zidutswa za aluminiyamu n'kuumba mapoto. Pa Khrisimasi ndinapita kumudzi, ndipo mayi a kunyumba anandiphikira nyemba mu poto watsopano wolemera, wopanda penti ngakhale dontho. Amalume anaugogoda ndi chala, n'kundiyang'ana.

"Idya, iwe katswiri. Uyu tsopano akang'aluka, titaya nyemba zokha."