Kamchenga kamodzi ka thambo la kummwera

Tolani kamchenga kamodzi, mukagwire ndi zala ziwiri, mutambasule mkono n'kuloza kumwamba. Kachigawo ka thambo kamene kamchengako kaphimba ndi kofanana kukula kwake ndi komwe kali pa chithunzi chimene Pulezidenti Joe Biden anaonetsa ku White House pa 11 Julaye 2022, chithunzi choyamba chimene dziko linaona kuchokera ku telesikopu ya James Webb itayamba ntchito. M'kachigawo kameneko muli milalang'amba masauzande. Chithunzicho ndachitsegulanso sabata ino chifukwa cha mwana wa mlongo wanga, amene anafunsa kuti: “Amalume, bwanji zina zapindika ngati zikhadabo zowenga? Kamera inagwedera?”

Sinagwedere. Tizikhadabo timeneto ndi timene ndimakonda koposa pa chithunzi chonsecho. Pakati pali gulu la milalang'amba lotchedwa SMACS 0723, lolemera kwambiri moti mphamvu yake yokoka imakhotetsa njira ya kuwala kochokera kuseri kwake. Albert Einstein anafotokoza zimenezi mu 1915, ndipo pa 29 Meyi 1919 Arthur Eddington anajambula kadamsana pa chilumba cha Príncipe, kumadzulo kwa Africa, n'kupeza kuti nyenyezi zooneka pafupi ndi dzuwa zasunthadi pang'ono pa malo ake. Gulu la milalang'amba limachita zomwezo mwamphamvu zedi. Limasanduka galasi lokulitsa zinthu, ndipo milalang'amba ya kutali kwambiri, imene bwenzi ili yozimiririka, imaoneka yowala, yotamuka ndi yopindika.

Mnyamatayo anamvetsa zimenezi msanga. Chomwe chinamuvuta ndi nthawi. Ndinamukumbutsa za munthu wowaza nkhuni tsidya la dambo: nkhwangwa imatsika kaye, phokoso n'kumafika pambuyo. Kuwala nakonso kumayenda ulendo, pa liwiro la makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Kwa dzuwa kumatifika patatha mphindi 8 ndi kanthu. Kwa SMACS 0723 kunanyamuka zaka 4.6 biliyoni zapitazo, nthawi imene dzuwa lathu linali likungopangika, dziko lino lisanakhale ndi nyanja kapena phiri. Kwa timadontho tina tofiira ta kuseriko kwayenda zaka zoposa 13 biliyoni, pomwe chilengedwe chonse asayansi amati chili ndi zaka 13.8 biliyoni. Ndiye kuti pa tsamba limodzi pali mibadwo yosiyana itaima limodzi, gogo ndi chidzukulu, aliyense pa msinkhu wina wake. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi ndimakhala kaye chete.

Kuwala kwakale chonchi maso athu sangakuone. Chilengedwe chikufutukuka, ndipo kuwala kukamayenda m'menemo kumakokeka, n'kudutsa mtundu wofiira wa pa utawaleza, kulowa m'chigawo chotchedwa infrared. Aliyense amene anayandikitsapo dzanja pa mbaula yooneka ngati yazima amakudziwa kuwala kumeneku: diso silikuona kanthu koma khungu likumva. William Herschel anakutulukira mu 1800, ataika choyezera kutentha pambali pa mtundu wofiira n'kuona chikukwera. Kuti telesikopu igwire kutentha kochepetsetsa kochokera kutali, iyoyo iyenera kuzizira koopsa. N'chifukwa chake Webb, itanyamuka ku Kourou, French Guiana, pa 25 Disembala 2021, inakakhala makilomita 1.5 miliyoni kuchokera padziko, itabisala kuseri kwa chotchinga dzuwa cha nsalu zisanu zosanjikiza. Kalilole wake ndi wa mamita 6.5, wa zidutswa 18 zokutidwa ndi golide. Kujambula kamchenga kathu kaja kunatenga maola 12 ndi theka.

Pali ena amene akamva kuti mitundu ya pa zithunzizi imachita kuikidwa ndi anthu amati basi, n'zopeka. Ine sindivomereza. Akatswiri amatenga kuwala kotamuka kwambiri n'kukupatsa mtundu wofiira, kotamuka pang'ono n'kukupatsa wobiriwira ngati thambo, motsatira ndondomeko yomwe ija ya utawaleza. Ndi ntchito ya womasulira pa msonkhano. Mawu asintha chinenero, koma wolankhula ndi yemweyo, ndipo manambala amene makina anagwira amasungidwa poyera kuti wokayika aliyense akawaunike yekha.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri chinalengezedwa mu Epulo 2023. Pogwiritsa ntchito gulu lina, Abell 2744, ngati galasi lokulitsira, asayansi anatsimikizira kuti milalang'amba isanu ndi iwiri ya kuseri kwake ili pamodzi, ndipo tikuiona mmene inalili patangopita zaka 650 miliyoni chilengedwe chiyambire. Ameneyu ndi mudzi wojambulidwa uli ndi nyumba zisanu ndi ziwiri zokha, mitengo isanadulidwe, njira zisanapondeke. Kuwerengera kwawo kukusonyeza kuti unadzakula kufanana ndi gulu la Coma, lomwe lili ndi milalang'amba yoposa 1,000. Kale kawirikawiri tinkaona midzi yotere itakula kale, n'kumaganizira mmene inayambira. Tsopano chiyambicho chikuoneka, ndipo milalang'amba ina yoyambirira ikupezeka yowala kuposa mmene ambiri ankayembekezera, zimene zawabweza akatswiri kukaunikanso mawerengero awo.

Pali kanthu kena kamene sikatchulidwa kawirikawiri. SMACS 0723 ili m'dera la nyenyezi lotchedwa Volans, kummwera kwenikweni kwa thambo. Ku Washington, kumene chithunzicho chinaonetsedwa, dera limenelo silituluka n'komwe. Kwa ife limakwera pamwamba pa mitengo, mmunsi mwa nyenyezi yowala yotchedwa Canopus ikakhala itakwera kummwera. Ndimafuna aphunzitsi a sayansi atamawatulutsa ana panja madzulo n'kuwalozera kumeneko, ngakhale gululo silioneka ndi maso.

Ife tinatuluka usiku womwewo. Mnyamatayo anawerama, anatola mchenga pabwalo, anauuzira mpaka patsala kamodzi pa chala, kenako anandifunsa kuti kummwera ndi kuti.