Akuti nyenyezi sizidyedwa

Pali funso limene ndatopa nalo. Ukangotchula zoti boma lipatule kangachepe kogulira telesikopu, makina aja oonera zinthu zakutali mumlengalenga, wina amakudula pakamwa: "Kodi nyenyezi zimadyedwa?" Onse n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Chondiwawa n'chakuti wofunsayo si mayi wothyola tiyi ku Thyolo ayi. Amakhala bwana wa tayi pakhosi, amene wangobwera kumene kuchokera ku semina ya kunyanja, alawansi ili m'thumba. Umphawi wa mayi uja amaukumbukira pokhapokha pamene akufuna kukana chinthu.

Ndiwayankhe abwanawo. Zoona, nyenyezi sizidyedwa. Komatu miyala ya kumwamba imagwa, ndipo kwathu kuno inagwapo kale. Mu 1899 unagwa ku Zomba. Pa 22 Januwale 1981 chimwala cholemera makilogalamu 93 chinagwa m'boma la Machinga. Mu 1988 china, chachitsulo, chinagwa ku Chisenga m'boma la Chitipa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaiona miyalayi ikubwera. Tinangomva kugunda, kenaka n'kumafunsana ngati kwayamba nkhondo.

Imeneyo inali ing'onoing'ono. Ikuluikulu yake, imene akatswiri amaitcha ma asteroid, imazungulira dzuwa monga limachitira dziko lathuli, ndipo ina njira zake zimadutsana ndi yathu. Pa 15 Febuluwale 2013 umodzi wa mamita pafupifupi 20 unaphulikira pamwamba pa mzinda wa Chelyabinsk ku Russia. Anthu oposa 1,000 anavulala, ambiri chifukwa cha magalasi a mawindo. Ngati Russia ikumveka kutali, bwerani pafupi: pa 2 Juni 2018 telesikopu ya ku Arizona, ku America, inaona kamwala kakulunjika kuno, ndipo patangopita maola ochepa kanaphulikira ku Botswana. Thambo linali lathu la kum'mwera kwa Africa, diso linali la eni ake kutsidya la nyanja.

Ntchito imeneyi munthu mmodzi sangaithe. Mwala ukapezeka pamafunika kuuyeza kangapo, usiku ndi usiku, kuti njira yake idziwike. Kukacha ku Hawaii kapena ku Chile, pamafunika wina kumene kudakali mdima apitirize kuulondola. N'chifukwa chake bungwe la NASA linalipira ndalama zoikira telesikopu ya ATLAS ku Sutherland, ku South Africa, imene inayamba ntchito mu 2022. Onaninso za mwala wa 2024 YR4. Mu Febuluwale 2025 akatswiri ankati mwayi woti ungawombe dziko mu 2032 unafika pa 3 mwa 100 alionse. Atauyeza mobwerezabwereza, mantha aja anatha. Chimene chinawathetsa ndi masamu komanso anthu okhala maso usiku. Ndipo mwala ukaoneka nthawi ikadalipo, pali chochita: mu Sepitembala 2022 chombo cha DART chinawomba dala mwala wotchedwa Dimorphos n'kuusintha kayendedwe kake.

Anzathu oyandikana nawo akudziwa zimenezi. Pa ntchito yaikulu ya telesikopu ya SKA, South Africa inagwirana manja ndi Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia. Werenganinso mndandandawo. Zambia ilipo kumadzulo kwathu, Mozambique ilipo kummawa ndi kum'mwera. Ife tili pakati, manja m'thumba, tikufunsana ngati nyenyezi zimadyedwa.

Wina asandinamize kuti a Malawi sitidziwa kulipirira kafukufuku. Pitani ku Thyolo mukaone. Tchire lililonse la tiyi lobiriwira pa Satemwa, pa Makandi kapena pa Naming'omba lili ndi sayansi kumbuyo kwake. Bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa ku Mulanje lakhala likufufuza za mbewuyi kuyambira m'ma 1960, ndi ndalama zimene alimi a tiyi amasonkha, ndipo mitundu ya tiyi imene linapanga inakafika mpaka kumayiko ena. Tsamba la tiyi lili ndi akatswiri ake chifukwa limabweretsa ndalama zakunja. Nanga mwana wa amene amathyola tsambalo, ubongo wake ndani akuufufuzira njira?

Ntchito yothyola tiyi imafuna mutu wowerama. Masamba awiri ndi kansonga, kuponya mu dengu la kumsana, maso pansi mpaka nthawi ya sikelo, kapitawo ali chiimire. Kuyambira nthawi ya atsamunda anthu a ku Thyolo akhala akuuzidwa kuti awo n'kuwerama basi, zoganiza n'za ena. Pamene bwana wa lero akuti za kumwamba si za amphawi, akungobwereza mawu a mwini esiteti wakale uja, kungoti tsopano akuwanena m'Chichewa. Chonsecho agogo athu ankalidziwa thambo. Anatchula Nthanda, imene kwenikweni ndi pulaneti ya Venus. Anatchula Nsangwe, Akamwiniatsatana ndi Mlalang'amba. Sanadikire kuti alemere kaye.

M'boma lomweli la Thyolo, pa Ndata, muli sukulu ya ukachenjede ya sayansi, Malawi University of Science and Technology, imene inatsegulidwa mu 2014. Apo ndiye poyambira. Mundiuza kuti ku Thyolo kumachita chiperoni, nkhungu n'kuphimba thambo masiku angapo. Ndikudziwa. Telesikopu ikhoza kukaikidwa kudera louma, ophunzira n'kumaiyendetsa pa intaneti ali pa Ndata pomwepo. Ngakhale isanagulidwe, bungwe la International Astronomical Search Collaboration limapereka ulere kwa ophunzira zithunzi za telesikopu ya Pan-STARRS ya ku Hawaii kuti azisakamo miyala imeneyi. Chofunika ndi kompyuta, magetsi osazimazima ndi mphunzitsi wolipidwa bwino.

Sindikupempha mabiliyoni a NASA ine. Telesikopu yophunzirira, yotha kulondola ina mwa miyalayi, mtengo wake sufika pa galimoto imodzi mwa zija amayendera akuluakulu a boma. Mu 2007 atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjezana kuti gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma cha dziko lizipita ku kafukufuku. Lonjezo linakoma pakamwa, chikomekome cha mkuyu.

Njala iliko, sindikukana. Koma namondwe wa Freddy atatikantha mu Malichi 2023, chenjezo linachokera ku makina oyandama mumlengalenga ndi kwa anthu odziwa kuwerenga zithunzi zake. Mwana amene waphunzira kuwerengera njira ya mwala pa thambo sangalephere kuwerengera njira ya namondwe.

Tsono a National Commission for Science and Technology, patulani thumba la kafukufuku wa zakuthambo, ngakhale likhale laling'ono. A MUST, lembani mphunzitsi wa nyenyezi. Inu eni maesiteti, mwakolola pa misana ya anthu a ku Thyolo kwa zaka zoposa 100. Lipirirani ana awiri kapena atatu a othyola tiyi chaka chilichonse kuti akaphunzire sayansi imeneyi. Ndipo inu abwana a funso lija, gulitsani galimoto imodzi yokha, tigule telesikopu.