Uphungu wa Nchito Uyambe Msanga

Caka ndi caka, zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka, ndi pamene ana ambiri amayamba kufunsa kumene adzalowera. Funso limeneli limadza mocedwa, pakuti maphunziro amene mwana anasankha zaka zitatu m'mbuyomo ndiwo amatsegula kapena kutseka makomo a makoleji.

Yunivesiti ya Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, imafuna makirediti asanu, ndipo Cingelezi cikhale cimodzi mwa iwo. Mwana wofuna udokotala kapena uinjiniya sangalandiridwe ngati ananyozera masamu ndi sayansi. Mphunzitsi wopereka uphungu ayenera kumuuza zimenezi nthawi ikalipo, pakuti akulu anati m'mera mpoyamba.

Ndiponso yunivesiti sindilo khomo lokha. Ku NRDC mu Lusaka amaphunzitsa zaulimi, ku NORTEC mu Ndola zamagetsi ndi zamakina, pamene m'sukulu za nchito zamanja zoyang'aniridwa ndi TEVETA mumatuluka akalipentala ndi omanga nyumba. Mmisiri wotere angathe kudzilemba yekha nchito.

Nkhani ya ndalama nayonso ikambidwe poyera. Kuyambira mu 2022 maphunziro m'sukulu za Boma ndi aulere kufikira Giredi 12, koma ku koleji kuli malipiro. Thandizo limene Boma limapereka kwa ambiri a pa yunivesiti ndi ngongole yodzabweza.

Motero makolo asayembekeze tsiku la zotsatira. Apite ku sukulu temu ino, akakhale pansi ndi mwana pamodzi ndi mphunzitsi wa uphungu.