Odulidwa mumpingo: ndani akuwalondola?

M'mipingo yambiri ya kuno kwathu muli mawu amodzi amene akatchulidwa tchalitchi chonse chimangoti zii: wadulidwa. Mlembi wa mpingo amaimirira pa nthawi ya zolengeza, n'kuwerenga dzina, ndipo maso onse amayamba kusakasaka pamene pakhala abale a mwini dzinalo. Mtsikana wapezeka ndi pathupi asanalowe m'banja, bambo watenga mkazi wachiwiri, mayi akutcheza kachasu, mnyamata waoneka akupita kudambwe. Kuyambira tsiku limenelo munthuyo sayandikira Mgonero wa Ambuye. Ngati ndi mayi wa Mvano kapena wa Chigwirizano, yunifolomu imalowa m'sutikesi. Ngati ndi wa kwaya, malo ake amatenga wina. Akatolika ali ndi njira yawo yoimitsa munthu kulandira masakramenti, koma ululu wake ndi womwewo. Ine sindikutsutsa zoti mpingo uzilanga. Chimene chikundivutitsa n'chakuti khomo lotulukira talikuza, khomo lobwererera talisiya laling'ono, ndipo pakhomo laling'onolo kawirikawiri sipakhala munthu wodikira. Mulungu amene timamuwerenga m'Buku Lopatulika sachita choncho ndi ana ake osochera.

Luka 15 ndi mutu umene mwana aliyense wa Sande sukulu amaudziwa, komabe akuluakulufe timauwerenga mothamanga. Mafanizo atatu a m'mutuwu Yesu anawanena poyankha Afarisi ndi alembi, anthu opemphera, amene ankang'ung'udza poona kuti akudya pamodzi ndi ochimwa. M'mafanizo awiri oyamba chotayikacho sichichita kalikonse. Nkhosa siidziwa njira ya kukhola, ndalama siingadzitole yokha. Mbusa ndiye amasiya 99 zija n'kulowa m'tchire, mayi ndiye amayatsa nyale n'kusesa nyumba yonse chifukwa cha ndalama imodzi mwa khumi. Mwana wolowerera anabwerera yekha, inde, koma tisamuyeretse: chinamukumbutsa kwawo ndi njala, atafika posirira chakudya cha nkhumba. Anakonzekera kukapempha kuti amulembe ntchito ngati waganyu. Bambo ake anamuona akadali patali, kusonyeza kuti maso awo ankakhalira kunjira, ndipo anathamanga, chinthu chimene mkulu wolemekezeka sachita anthu akuona, kaya ku Yudeya kaya kumudzi kwathu. Pempho la ganyu lija mwanayo sanalifike n'komwe. Mkanjo, mphete ndi nsapato anazilandira tsiku lomwelo, asanasonyeze ngakhale kwa sabata imodzi kuti wasinthadi.

Funso la Mkhristu wogwa linavuta mpingo kalekale, ndipo linavuta kwambiri pa nthaka ya Africa. M'chaka cha 250 mfumu ya Aroma, Decius, inalamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu ya boma n'kulandira kachikalata kotsimikizira kuti watero. Akhristu ena anakana, ndipo anamangidwa kapena kuphedwa. Ambiri anagonja, ena n'kuchita kugula zikalatazo kuseri. Chizunzo chitazizira, ogonjawo anabwera kudzagogoda. Ku Rome wansembe wina dzina lake Novatian anakanitsitsa: wokana Khristu asabwererenso, mlandu wake akauone Mulungu yekha. Koma ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia, bishopu Cyprian anasonkhanitsa mabishopu anzake mu 251 ndipo anagwirizana kuti ogwawo abwerere akalapa, aliyense malinga ndi kukula kwa mlandu wake, ndi kuti ngakhale olakwitsitsa asamwalire ali kunja. Msonkhano waukulu wa ku Nicaea mu 325 unalamula kuti atsogoleri a gulu la Novatian ofuna kubwerera mumpingo alembe lonjezo lakuti azidya Mgonero pamodzi ndi anthu amene anagwa m'chizunzo. Tione bwino apa: anthu amenewa mlandu wawo unali kukana Yesu pamaso pa boma, ndipo amene anawatsegulira khomo ndi Akhristu omwe anali ataika m'manda abale awo ofera chikhulupiriro. Ngati iwo anapeza njira, ife tilibe chodzikanira pa mayi wotcheza kachasu kuti apeze fizi ya ana.

Alipo amene anganene kuti kufewa kotere kumatchipitsa tchimo, ndipo mpingo wopanda mwambo umasanduka msika. Nkhawa imeneyi si yachabe, pajatu wakutsina khutu ndi mnansi. Paulo yemwe analamula mpingo wa ku Korinto kuti uchotse pakati pawo munthu amene anatenga mkazi wa bambo ake. Koma Paulo yemweyo, m'mutu wachiwiri wa kalata yake yachiwiri kwa Akorinto, akunena za munthu amene mpingo unamulanga, ndipo akuwauza kuti chilangocho chakwana, amukhululukire ndi kumutonthoza, kuopa kuti chisoni chingamumize. Kwa Agalatiya akuti wogwidwa m'cholakwa abwezedwe mofatsa, wombwezayo akudziyang'anira yekha. Ndiye kuti chilango cha mumpingo chili ngati mankhwala: chili ndi muyezo wake, chili ndi tsiku lothera, ndipo wopereka amabwereranso kukaona ngati wodwala akupeza bwino. Chimene chimachitika m'malo ambiri n'chakuti dzina likawerengedwa, nkhani yatha. Mkulu wa mpingo amene ankafika pakhomo pa wodulidwayo kudzatolera masika ndi chakhumi saonekanso. Amayi anzake amene ankaimba naye Lachinayi amamulambalala pachitsime. Pakapita chaka timamva kuti analowa mpingo wina kapena anangokhala, ndipo timapukusa mitu kuti analibe mtima wolapa, pamene palibe ndi mmodzi yemwe anapita kukaufunsa mtimawo.

Chinanso chimene tiyenera kuvomereza n'chakuti mpeni wodulira sudula mofanana. Pathupi pamaoneka, choncho mtsikana amaitanidwa kubwalo la mpingo, pamene mnyamata amene anachita naye akupitiriza kuimba gitala Lamulungu. Kachasu amanunkha, koma katangale wa muofesi sanunkha, ndipo mwini wake akabwera ndi matumba a simenti a tchalitchi chatsopano amapatsidwa mpando wakutsogolo. Ochimwa amene timawadula nthawi zambiri ndi amene alibe pobisira tchimo lawo. Chowawa koposa chimafika pa maliro. Wodulidwa akamwalira, m'malo ena kwaya siimba ndipo mpingo suyendetsa mwambo. Womwalirayo ali kale m'manja mwa Woweruza wolungama, palibe chimene kukhala chete kwathu kungamuwonjezere kapena kumuchotsera. Amene akulangidwa pamenepo ndi mayi ake okalamba ndi ana ake, omwe sadzaiwala kuti tsiku limene ankafunitsitsa kumva za chikondi cha Mulungu, anthu a Mulungu anakhala kwawo. Ngati mpingo ukuopa kunena bodza pa moyo wa malemuyo, palibe akuukakamiza kumutama. Uthenga wa pamaliro umalalikidwa kwa amoyo.

Palinso kudandaula kwa okhulupirika, amene anapirira mayesero omwewo osagwa. Iwo angafunse kuti kupirira kwawo kunali kwa chiyani ngati wogwa akulandiridwa ndi nthungululu. Yesu anawaika m'fanizo la mwana wolowerera lija mwa mwana wamkulu, ndipo sanawanyoze. Bambo anatulukanso panja kachiwiri tsiku lomwelo kukamupepesa, n'kumukumbutsa kuti zonse za pakhomopo ndi zake. Kubwerera kwa mng'ono wake sikunamulande kanthu. Chimene chinamuwawa n'chakuti ankadziona ngati wantchito woyembekezera malipiro, osati mwana wapakhomo, ndipo matenda amenewa amagwira anthu amene sanaphonyepo mapemphero. Kudandaula kwina ndiye ndikukulemekeza kwambiri, kwa amene analakwiridwa: mkazi wamkulu wosiyidwa ndi ana, kapena mwana amene anagwiriridwa ndi munthu wovala jekete la ukulu wa mpingo. Chikhululukiro cha Mulungu sichifafaniza mlandu wa kupolisi, ndipo sichibwezera munthu paudindo umene anaugwiritsa ntchito povulaza ena. Zakeyo atalandira Yesu m'nyumba mwake analonjeza kubweza kanayi zimene analanda. Wolapa weniweni amasamalira ana amene anawathawa ndipo amakaima pamaso pa khoti. Mpingo ungamutsekere ofesi moyo wake wonse, koma usamutsekere Mulungu.

Kwa amene anasochera, ndipo mwina akuwerenga izi ali ndi zaka zambiri asanapondeko kutchalitchi, nkhani ya Petro ndi yawo. Anakana Mbuye wake katatu usiku umodzi, mpaka kulumbira. Atauka Yesu, ndi Yesuyo amene anamulondola kunyanja ya Tiberiya, anakonza moto ndi nsomba, n'kumupatsa chakudya cham'mawa asanamufunse kalikonse. Funso lake silinali lofuna kudziwa chifukwa chimene anachitira zimenezo. Linali la chikondi, katatu, ndipo pa yankho lililonse ankamupatsa nkhosa zoti aziweta. Manyazi amene amakugwirani mukamva belu Lamulungu m'mawa asakunamizeni kuti Mulungu anatopa nanu. Dzina lanu likhoza kukhala lofafanizidwa m'kaundula wa mpingo, koma kaundulayo analembedwa ndi anthu.

Zimene mabwalo a mipingo angachite sizifuna ndalama kapena msonkhano wa sinodi. Tsiku limene akulemba dzina la wodulidwa, alembenso pambali pake dzina la mkulu kapena mayi amene azikamuyendera, ndipo pa bwalo lililonse lotsatira munthu ameneyo azifunsidwa kuti anapitako liti. Wodulidwayo auzidwe momveka chimene akuyenera kuchita ndi nthawi imene nkhani yake idzaonedwenso, asamangokhala m'chimbulimbuli. Nkhani zimene zingathere m'chipinda cha abusa zisakafike ku zolengeza. Ndipo ngati dzina linawerengedwa pamaso pa mpingo wonse pomudula, liwerengedwenso pamaso pa mpingo wonsewo pomubwezera, kwaya iimbe, amayi a Mvano amuveke yunifolomu yake ndi manja awo, ndipo Lamulungu la Mgonero lotsatira pakhale munthu wokhala naye pafupi pabenchi.